Njinga yamoto yamphamvu kwa munthu wongoyamba kumene? Ine ndikuti ayi

Pepani kuti ndakhala chete masabata angapo. Tinali pa kalikiliki wochonga mayeso, ndipo mukudziwa kale kuti ntchito imeneyi ikafika munthu umaiwala ndi kumeta komwe. Lero ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa tulo, ndipo ndikufuna tithandizane maganizo.

Loweruka lapitali kunyumba kwanga kuno ku Nambuma kudabwera mnyamata wina amene ndidamuphunzitsa kuyambira Fomu 1 mpaka Fomu 4. Dzina sinditchula, iye akawerenga adzizindikira yekha. Wakhala ku Joni zaka zinayi, wagwira ntchito molimbika, ndipo wabwerako ndi kangachepe. Titatha kulonjerana adatulutsa foni n'kundionetsa chithunzi cha njinga yamoto yofiira, yonyezimira, yokhala ngati ikuthamanga ngakhale ili chiimire. Akuti mnzake ku Johannesburg akuigulitsa motchipa, ndi ya 600cc.

"Aphunzitsi, ndikufuna ndiitanitse imeneyi. Mukuiona bwanji?"

Ndidamufunsa ngati adayendetsapo njinga yamoto. Adati eya, ya msuweni wake, kawiri, pa bwalo la mpira.

Ndidamuyankha kuti, "Mwana wanga, njingayi ndi yokongola, koma si yako. Mwina idzakhala yako m'tsogolo, koma lero ayi." Nkhope yake idagwa. Ndikudziwa kuti amayembekeza kuti ndimuyamikira, pakuti mwana akachita bwino amafuna mphunzitsi wake aone. Ndiye ndati ndilembe bwinobwino zifukwa zanga, chifukwa si iye yekha. Ena mwa inu mwagulitsa fodya ku Kanengo, ena soya, ena mwa aphunzitsi anzanga mwatenga ngongole ku SACCO, ndipo funso limakhala lomweli: ndigule yaikulu bwanji?

Ndiyambe ndi kuulula tchimo langa, kuopa kuti mungamati mkuluyu akungolankhula za m'buku. Ndili mphunzitsi wachinyamata ndidabwereka njinga ya 200cc ya mlangizi wina wa zaulimi. Ndidamuuza kuti ndimatha, chikhalirecho ndinali nditangokwerapo kumbuyo. Ndidaliza injini, ndidaponda giya, kenaka ndidasiya kilatchi mwadzidzidzi. Njinga idalumpha ngati tonde. Thupi langa lidakankhikira kumbuyo, ndipo poopa kugwa ndidagwiritsitsa handulo. Tsoka lake, dzanja lamanja likamagwiritsitsa uku thupi likubwerera m'mbuyo, limapotoza chopatsira moto. Ndiye m'malo moima, njinga idawonjezera liwiro. Ndidakathera mu mpanda wa udzu wa dimba la eni ake, bondo lili magazi chuchuchu, ana a sukulu akuseka mpaka kugwira nthiti. Chipsera chilipo mpaka lero. Njinga inalibe vuto lililonse, wolakwa ndinali ine. Koma taganizani, dzanja lomwelo likadalakwitsa chimodzimodzi pa njinga ya mphamvu kasanu ndi kawiri kuposa pamenepo, bwenzi mukuwerenga za ine pa mwala wa kumanda.

Apa ndiye pagona mfundo yanga yonse. Munthu wongoyamba kumene amalakwitsa, ndipo palibe amene amaphunzira osalakwitsa. Ife aphunzitsi timadziwa bwino zimenezi, n'chifukwa chake tili ndi cholembera chofiira. Funso si lakuti kodi alakwitsa, koma lakuti akalakwitsa njingayo imulipiritsa zingati. Yaing'ono imakulipiritsa khungu la pa bondo ndi manyazi. Yaikulu imakulipiritsa msana kapena moyo.

Tiyeni tione kuti mphamvu tikunenayi ndi yochuluka bwanji. Ma cc amene timatchula aja ndi kukula kwa m'mimba mwa injini momwe mafuta amapsera. Mphamvu yeniyeni imayezedwa mu horsepower. Njinga zambiri za kabaza zimene timaziona pa msika wa Nambuma, pa Nsaru kapena pa Kabudula ndi za pakati pa 100cc ndi 150cc. Bajaj Boxer ya 150cc ili ndi horsepower pafupifupi 12. Njinga za 600cc zopangidwira liwiro, monga Yamaha R6 kapena Honda CBR600RR, zimapitirira horsepower 100. Imeneyi ndi mphamvu yofanana ndi ya Toyota Sienta imene imatinyamula tili thithithi ndi akatundu athu. Kusiyana kwake n'kwakuti Sienta imalemera makilogalamu oposa 1,200 ndipo ili ndi matayala anayi, pamene njingayi siifika makilogalamu 200 ndipo ili ndi matayala awiri. Njinga zoterezi zimatha kufika liwiro la makilomita 100 pa ola zili m'giya yoyamba, m'masekondi osakwana anayi. Masekondi anayi ndi nthawi imene mwatenga kuwerenga chiganizo chimenechi.

Tsopano inu amene munkagona m'kalasi ya Physical Science masana, dzukani, chifukwa phunziro lija lafika pa ntchito yake. Tidaphunzira kuti mphamvu ya chinthu choyenda imakula motsatira liwiro kuchulukitsa ndi liwiro lomwelo. Tanthauzo lake ndi lakuti ukawirikiza liwiro kawiri, mphamvu yowombera chinthu imawirikiza kanayi, ndipo mtunda umene mabuleki amafuna kuti uime nawonso umawirikiza kanayi. Kuwomba mtengo pa liwiro la makilomita 50 pa ola n'chimodzimodzi kugwa kuchokera pa msinkhu wa mamita 10. Pa makilomita 100 pa ola n'chimodzimodzi kugwa kuchokera pa mamita pafupifupi 40, kutalika koposa mitengo ya bulugamu imene mukuidziwa kuno. Ndipo pa liwiro limeneli munthu amadutsa mamita 28 pa sekondi imodzi. Mbuzi ikatulukira m'chimanga, sekondi imene ubongo ukuganiza kuti ndigwire buleki, wadutsa kale mtunda woposa kotala la bwalo la mpira, buleki usanaikhudze n'komwe.

Wina anena kuti, "Koma aphunzitsi, ine sindizithamanga. Mphamvu ili m'dzanja la woyendetsa." Mnyamata wanga uja adanenanso zomwezi. Mawuwa ndi oona kwa munthu amene dzanja lake lidaphunzira. Ine pa tsiku la dimba lija sindidafune kuthamanga. Dzanja lidachita zimene mutu sudalitume. Ukagunda bampu kapena dzenje, dzanja limagwedezeka pang'ono. Pa njinga ya 125cc kugwedezeka kumeneko injini imangolira pang'ono basi. Pa njinga yamphamvu tayala lakumbuyo limatereka kapena lakutsogolo limanyamuka. Mabuleki akenso ndi akuthwa: zala ziwiri zokha zikwanira kumanga tayala lakutsogolo, ndipo wongoyamba kumene akadzidzimuka sagwira ndi zala ziwiri, amafinya ndi dzanja lonse. Ndiponso tisanamizane, abale anga. Mnyamata wa zaka 24 amene wakhala pa njinga yofiira, anzake akumuyang'ana pa sitolo, atsikana akuchokera ku chigayo, adzapatsa moto ndithu. Tonse tidakhalapo anyamata.

Kenaka tione misewu yathu. Njinga za liwirozi adazipangira phula losalala. Matayala ake alibe mano ogwira dothi, ndipo mimba yake ili pafupi ndi nthaka. Kuno kwathu m'chilimwe njira za m'midzi zimakhala mchenga ndi fumbi, zokhala ndi tinthunthumira timene timagwedeza mano m'kamwa. M'dzinja dothi lathu lofiira la katondo limaterera ngati sopo, ndipo m'madambo matope amafika m'maondo. Mumsewu timagawana ndi ngolo za ng'ombe zopanda nyale, njinga zakapalasa zonyamula makala, nkhumba, agalu, ana a pulayimale othamangitsana, ndi abambo amene achokera ku mowa. Ukatulukira pa M1 ukumana ndi mathiraki ndi maminibasi amene saona njinga yamoto ngati chinthu choyenera kupatsidwa mpata. Pa msewu woterewu chimene chimapulumutsa munthu ndi njinga yopepuka, imene ukatsetsereka umatha kuponda pansi n'kuigwira, ndipo ikagwa umatha kuidzutsa wekha. Si pachabe kuti alangizi a zaulimi, a zaumoyo ndi a PEA kwa zaka zambiri akhala akuyendera njinga monga Yamaha DT 125 ndi AG 200. Mabungwe amene ankagula njinga zimenezi ankadziwa njira za kumudzi.

Maiko amene ali ndi misewu yabwino kuposa yathu nawonso salola wongoyamba kumene kukwera chilichonse chimene wafuna. Ku maiko a European Union, kuyambira mu 2013, ziphaso za njinga yamoto zili m'masitepe. A1 ndi ya njinga zosapitirira 125cc ndi mphamvu ya 11 kW. A2 ndi ya njinga zosapitirira 35 kW, imene ndi horsepower pafupifupi 47. Chiphaso cha A, cholola njinga ina iliyonse, munthu amachipeza atayendetsa zaka ziwiri pa A2, apo ayi adikire mpaka atakwanitsa zaka 24. Ku Britain, kuyambira mu 1990, wophunzira amayamba wachita maphunziro okakamiza otchedwa CBT asanalowe pa msewu, ndipo saloledwa kupitirira 125cc mpaka atakhoza mayeso. Kuno kwathu ku Malawi ziphaso za ku Road Traffic nazonso zimasiyanitsa: A1 ndi ya njinga zosapitirira 125cc, ndipo A ndi ya zazikulu kuposa pamenepo. Anthu amene adalemba malamulowa sadali adani a achinyamata. Adawerenga maliro.

Palinso kafukufuku wina wakale amene amatchulidwabe mpaka lero. Mu 1981 katswiri wina wa ku University of Southern California, Harry Hurt, adatulutsa zimene gulu lake lidapeza litafufuza mozama ngozi 900 za njinga zamoto mu dera la Los Angeles. Adapeza kuti oposa theka la oyendetsa amene adachita ngozi anali asanathe miyezi isanu pa njinga imene adachita nayo ngoziyo. Adapezanso kuti 92 mwa 100 alionse sadaphunzitsidwe ndi mphunzitsi weniweni, adangodziphunzitsa okha kapena kuphunzitsidwa ndi abale ndi anzawo. Kumeneko ndi ku America zaka zoposa 40 zapitazo, koma mukamva mawu akuti kuphunzitsidwa ndi msuweni pa bwalo la mpira, simukuona kuti akunena za ife?

Sindikufuna kukhala ngati mlaliki amene samva mbali ina. Pali zifukwa zenizeni zimene anthu amafunira njinga yamphamvu, ndipo ndiyenera kuziyankha.

Choyamba ndi katundu. Munthu akuti, ndikanyamula matumba awiri a chimanga kapena anthu awiri, kanjinga ka 100cc kamalira pa chitunda. N'zoona. Koma yankho langa ndi lakuti munthu wongoyamba kumene sayenera kunyamula matumba awiri kapena anthu awiri pa njinga ina iliyonse. Katundu amasintha kaimidwe ka njinga, amatalikitsa mtunda woimira, ndipo amapepukitsa tayala lakutsogolo. Njinga ikamakana katundu ikukuchenjeza, imvereni. Ndipo njinga ya 600cc ya mnyamata wanga ija ilibe ndi keliyala yomwe. Simunganyamulepo ngakhale dengu la tomato.

Chachiwiri ndi ndalama. Ena akuti, ndigulirenji yaing'ono kenaka ndidzagulenso yaikulu, kuli bwino ndigule kamodzi. Apa ndiye masamu ali mbali yanga. Njinga ya 125cc kapena 150cc yosamalidwa bwino siichedwa kupeza wogula kuno, chifukwa anyamata a kabaza amaifuna tsiku lililonse. Zipangizo zake zimapezeka pa misika yathu, ndipo amakaniko a pansi pa mtengo wa mango amaidziwa ngati chikhatho chawo. Njinga ya ku Joni ija muyamba mwailipirira msonkho pa chipata. Ikathyoka kachitsulo kamodzi mudikira mwezi kuti wina akutumizireni pa basi. Tayala lake limodzi lingagule matayala angapo a njinga ya kabaza. Mafuta imamwa kuwirikiza kawiri kapena kuposa, ndipo tonse tikukumbukira mizere ya mafuta ya mu 2022 ndi 2024. Ndiye chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chachitatu ndi chimene anthu sanena poyera koma ndicho chachikulu: ulemu. Munthu wavutika ku Joni, wagona m'kachipinda kamodzi ndi anzake asanu, wathawathawa apolisi, ndipo akufuna kuti pobwera kumudzi anthu aone kuti sadapite pachabe. Ine izi ndikuzimvetsa ndipo sindikuziseka. Koma ulemu wa njinga ndi wa sabata imodzi. Anthu akaizolowera amasiya kutembenuka. Chimene sichizolowereka ndi mayi wako kukutawasa ndi kukutembenuza pa mphasa uli ndi zaka 25.

Nanga za 200cc ndi 250cc, zimene zachuluka masiku ano? Zimenezi si zilombo ngati za 600cc, ndipo munthu wodekha angathe kuzizolowera. Komabe zimakhala zazitali ndi zolemererapo, ndipo ine amene ndikulemba pano idandigwetsa ndi ya 200cc. Ndinganene kuti imeneyi ikhale njinga yachiwiri, osati yoyamba.

Tsopano ndinene chinthu china kuti ndisakunamizeni. Njinga yaing'ono si chithumwa. Mukapita ku Kamuzu Central Hospital kukazonda odwala, mupeza anyamata ambiri a zitsulo m'miyendo, ndipo mukawafunsa akuuzani kuti ndi kabaza. Njinga zimene zidawafikitsa kumeneko si za 600cc ayi, ndi zomwezi za 100cc mpaka 150cc. Chipatala cha mafupa ndi ubongo cha LION, chimene chidayamba kugwira ntchito mu 2023 pafupi ndi Kamuzu Central, chimalandira anthu oterewa mowirikiza. Wina anganene kuti, mwaona, vuto si kukula kwa injini. Ine ndikuona mosiyana. Ngati horsepower 12 m'manja mwa munthu wosaphunzira ikudzaza mabedi chonchi, nanga horsepower 100 m'manja omwewo ichita zotani? Njinga yaing'ono ndi poyambira chabe. Pamwamba pake pafunika maphunziro, chipewa ndi kudziletsa.

Ndiye malangizo amene ndidamupatsa mnyamata uja, amenenso ndikupereka kwa inu nonse, ndi awa. Gulani njinga yosapitirira 125cc, kapena 150cc ngati thupi ndi ntchito yanu zikufuna choncho, imene mukakhalapo mapazi onse awiri akuponda pansi. Pitani ku sukulu yophunzitsa kuyendetsa ndipo mutenge chiphaso chanu m'njira yoyenera. Njinga ikhale yolembetsedwa ndi ya inshuwalansi. Ndalama zimene mwapulumutsa pogula yaing'ono, gulirani chipewa chenicheni chokhala ndi lamba womanga pa chibwano, osati cha omanga nyumba chija, ndipo mugule ziwiri, china cha wokwera kumbuyo. Akatswiri atasonkhanitsa kafukufuku wa m'maiko osiyanasiyana mu 2008 adapeza kuti chipewa chimachepetsa imfa ndi 42 pa 100 ndi kuvulala m'mutu ndi 69 pa 100. Valani nsapato zotseka, jekete ndi buluku lolimba, osati masilipasi. Phunzirani kuima musanaphunzire kuthamanga: pezani malo opanda anthu, muziyeserera kugwira mabuleki onse awiri mofatsa mpaka dzanja ndi phazi zizichita zokha. Kumbukirani kuti pa phula buleki yakutsogolo ndiyo imagwira ntchito yaikulu, koma pa mchenga ndi pa matope mukaifinya mwadzidzidzi mugwa. Miyezi yoyambirira musanyamule munthu, musayende usiku, ndipo mowa ndi handulo zisakumane.

Ndipo muyendetse chaka chathunthu musanaganize zokweza. Ndikuti chaka chifukwa kuno kwathu misewu ili iwiri mu msewu umodzi, wa chilimwe ndi wa dzinja. Munthu amene wayendetsa kuyambira Meyi mpaka Okotobala amadziona ngati katswiri, koma matope a Januwale asanamufunse mafunso ake. Mwana sitimulembetsa MSCE ali Fomu 1, ngakhale akhale wanzeru chotani. Timadikira adutse makalasi onse.

Kwa inu aphunzitsi anzanga ndili ndi pempho. Ana ambiri amene tikuwaphunzitsa lero, akalemba Fomu 4 ntchito yoyamba imene adzaipeze ndi ya kabaza. Izi tikuziona ndi maso athu, ena amatinyamula ife tomwe popita kukalandira malipiro. Tikamaphunzitsa za liwiro ndi mphamvu mu Physics, bwanji osagwiritsa ntchito njinga yamoto m'malo mwa zitsanzo za sitima zimene anawa sadazionepo? Apatseni awerengere okha mtunda woimira pa makilomita 40 ndi pa 80. Mu Life Skills tikambe za mtima wofuna kuoneka pamaso pa anzako, umene umapha anyamata ambiri kuposa injini. Ndipo ifenso tionetse chitsanzo. Mphunzitsi amene amafika pa sukulu chipewa chili pa chigongono waphunzitsa kale phunziro loyamba la tsikulo, belu lisanalire.

Mnyamata wanga uja adachoka osandilonjeza kanthu. Adangoti, "Ndamva aphunzitsi, ndikaganiza." Ndidamuperekeza mpaka pa msewu, ndipo ndidamukumbutsa kuti ali Fomu 2 ankafuna kudumpha masamu a tizigawo kuti afike msanga pa algebra, ndipo tidabwerera limodzi kukayambiranso. Adaseka. Ndamva kuti Lachitatu adapita mu tauni kukafunsa mitengo ya za 125cc, koma chithunzi chofiira chija sadachifufute mu foni. Ngati ukuwerenga, mwana wanga, chisunge chithunzicho, palibe choipa kukhala ndi maloto. Udzandipeze chaka chamawa mvula ikatha, uli ndi chiphaso m'thumba ndi miyendo yonse iwiri, tidzakambirane za njinga yachiwiri.

Inu amene mumayendetsa njinga zamoto, makamaka ana anga a kabaza a pa Nambuma, pa Nsaru ndi pa Kabudula, mukudziwa zambiri za pa msewu kuposa ine. Ngati ndalakwitsa penapake mundikonze, pakuti mphunzitsi naye amachongedwa. Muyende bwino, ndipo lamba wa chipewa mumange.